Tamanda akukaphunzira genomics, nanga agogo ku Katete tikawauze chiyani?

Amalume Phiri: Mwaswera bwanji nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani yokoma. Mwana wa mlongo wanga, Tamanda, uja amagwira ntchito mulabu, wapeza malo okapitiriza maphunziro. Kalata ndaiona ndi maso angawa. Koma Loweruka ndikwera basi ku Intercity kupita ku Katete, ndipo agogo ake akakandifunsa kuti mwanayu akukaphunzira chiyani, ndikangoti kukamwa yasa. Pakalatapo alemba kuti genomics. Ine choko ndinagwira zaka zambiri koma liwu limeneli sindinalilembepo pabolodi. Tamanda, tatimasulira pompano onse amve.

Amake Dalitso: Eee Ambuye alemekezeke! Nthungululu zikumveka kuno ku Kanyama.

Kondwa: Asisi mwatikweza. Koma genomics si ija yoyeza ngati mwana ndi wako? Ngati ndi imeneyo ndiuzeni, makasitomala ndikubweretserani odzaza minibasi.

Abusa Banda: Kondwa, pagulu pano pali akuluakulu.

Tamanda: Zikomo nonse. Achimwene Kondwa, zoyeza bambo wa mwanazo amangoyang'ana timalo tochepa ta DNA, sitikwana n'komwe 30. Ife timawerenga yonse. Ndiyambe chonchi amalume. Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli DNA, kaulusi katalitali kolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Munthu amalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni kwa mayi ake, zina 3 biliyoni kwa bambo ake, zomangidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 yakuchikazi, 23 yakuchimuna. Kachigawo ka ulusiwo kamene kali ndi malangizo opangira chinthu chimodzi, tinene puloteni yonyamula mpweya m'magazi, timakatcha jini. Majini opanga mapuloteni mwa munthu alipo pafupifupi 20,000. Zilembo zonsezo kuziphatikiza ndiye genome, ndipo kuziwerenga zonse ndi kufufuza mmene zimagwirira ntchito limodzi ndiye genomics.

Abusa Banda: Taimani kaye mwana wanga. Mwati munthu aliyense ali ndi majini 20,000? Ife timachezera usiku wonse kupempherera munthu wa jini limodzi.

Kondwa: Kkkkkk abusa ntchito yakula

Tamanda: Abusa si aja a mizimu ayi, mawuwa angofanana kamvekedwe. Ndipotu amene anayamba kufufuza za chibadwa anali mnzanu wa kutchalitchi, Gregor Mendel, ku Brno ku Ulaya. Cha m'ma 1860 ankakwatitsa nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe n'kumawerenga kuti zingati zatuluka zazitali, zingati zazifupi. Zimenezo ndiye genetics, kutsata khalidwe limodzi kapena jini limodzi kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana. Zili ngati kulalikira pa vesi limodzi. Genomics ndi kuwerenga Baibulo lonse, n'kuliika pambali pa la mnzanu kuti muone pamene asiyana. Kungoti lathuli ndi lalikulu ngati Mabaibulo pafupifupi 1,000.

Amalume Phiri: Tsopano ndayamba kuona njira. Za Watson ndi Crick mu 1953 ndimakumbuka, tinkajambula pabolodi ngati makwerero opotoka.

Tamanda: Eya amalume, ndipo musamuiwale Rosalind Franklin, mayi amene zithunzi za X-ray za m'labu yake ku London zinawathandiza kuona mawonekedwewo. Koma kudziwa mawonekedwe si kuwerenga. Njira yowerengera zilembo anaipeza Frederick Sanger mu 1977, ndipo DNA yoyamba kuwerengedwa yonse inali ya kachilombo ka zilembo zongopitirira 5,000. Liwu loti genomics linabadwa mu 1986. Kuwerenga munthu kunayamba mu 1990 n'kutha mu 2003, mayiko angapo atasonkha mitu ndi madola pafupifupi 3 biliyoni, komabe munatsala mipata imene anadzaitseka mu 2022. Lero ntchito yomweyo imatha m'masiku ochepa ndi madola osakwana 1,000. Palinso kamakina kotchedwa MinION kamene mungakaike m'thumba la shati, mumangokalumikiza ku kompyuta. Anakagwiritsa ntchito ku Guinea mu 2015 nthawi ya Ebola.

Amake Dalitso: Tamanda, ine ndili ndi funso koma likundilemera. Ambiri pano mukudziwa kuti Dalitso ali ndi sickle cell. Mwezi watha tinagona kuchipatala masiku asanu, mwana akulira miyendo. Apongozi anga anabwera kudzazonda, ndipo potuluka anauza mwana wawo ine ndikumva kuti matendawa ndabwera nawo ndine, kwawo kulibe. Sindinayankhe. Kodi maphunziro akowa amati chiyani pamenepa?

Nesi Nangozo: Pepani asisi. Mawu amenewo ndimawamva sabata iliyonse kuntchito, ndipo nthawi zonse wolozedwa chala amakhala mayi.

Tamanda: Azakhali, pepani kwambiri. Yankho lake ndi losakayikitsa. Mwana sangadwale sickle cell ndi jini la kholo limodzi. Jini lake lili pa kromozomu nambala 11, ndilo limapanga mbali ya puloteni yofiira ija ya m'magazi. Pamalo amodzi pamene pamayenera kukhala A pamakhala T. Chilembo chimodzi chokha pa 3 biliyoni. Aliyense ali ndi makope awiri a jinilo, la mayi ndi la bambo. Wokhala ndi kope limodzi losinthika amayenda bwinobwino, amalima, amabereka, mwina mpaka kukalamba osadziwa kuti walinyamula. N'chifukwa chake apongozi anu akuti kwawo kulibe. Sanalione, koma lilipo. Kuti Dalitso adwale, analandira limodzi kwa inu, lina kwa bambo ake. Ndipo bambo akewo analitenga kwa mmodzi wa makolo awo.

Kondwa: Ndiye kuti mwina ndi apongozi omwewo!

Amalume Phiri: Kondwa usakoleze moto. Koma inde, masamu ake akutero.

Nesi Nangozo: Ndionjezepo chimene anthu amasokoneza. Makolo onse awiri akakhala onyamula, timati mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Ena amamva ngati ndi mzere wa pachigayo, kuti woyamba akadwala ndiye atatu otsatira apulumuka. Ayi. Mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Ndaonapo banja la ana atatu onse odwala, ndi lina la ana asanu popanda ndi mmodzi yemwe. Achinyamata inu musanapite kwa ankhoswe kayezetseni, ndi kadontho ka magazi chabe.

Amake Dalitso: Nanga bwanji matendawa achuluka mwa ife anthu akuda? Tinalakwanji?

Tamanda: Palibe chimene tinalakwa azakhali, anachititsa ndi malungo. Mwana wonyamula kope limodzi lija amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu aja opha ana. Kalekale kusanabwere maneti ndi mankhwala, ana otere ndiwo ankapulumuka kwambiri, n'kukula, n'kubereka. Jinilo linafala choncho kulikonse kumene udzudzu unali wambiri, kuno ku Africa, ku India, ndi mbali zina za ku Arabia. Linali chishango cha makolo athu, koma zishango ziwiri zikakumana mwa mwana mmodzi ndiye pamabwera ululu uja. Chodabwitsa n'chakuti odwala awiri okhala ndi chilembo chomwecho amasiyana, wina amagonekedwa mwezi ndi mwezi, wina patalipatali. Apa ndi pamene genomics inathandiza. Atayerekeza DNA ya anthu ambiri anapeza majini ena amene amachititsa thupi kupitiriza kupanga magazi a mtundu umene khanda limakhala nawo m'mimba, ndipo magazi amenewo amachepetsa matendawa. Kumapeto kwa 2023 ku Britain ndi ku America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, chimene chimasintha maselo a wodwala kuti ayambirenso kupanga magazi a ukhandawo.

Amake Dalitso: Ndiye kuli mankhwala ochiritsiratu?

Tamanda: Alipo koma sindikufuna kukunamizani. Mtengo wake ku America ndi madola oposa 2 miliyoni munthu mmodzi, ndipo amafuna chipatala cha zida zambiri. Ine zimandiwawa kuti odwala ambiri ali kuno, mankhwala ali uko.

Nesi Nangozo: Pakadali pano gwiritsitsani zimene zilipo asisi. Hydroxyurea amagwira ntchito yofananako, amakweza magazi a ukhanda omwewo, kafunseni adokotala a Dalitso ngati akumuyenera. Madzi ambiri, neti usiku uliwonse, chovala chofunda mu June ndi July, ndipo thupi likangotentha musadikire kuti kuche.

A Yobu a ku Chongwe: Ndangolowa kumene, netiweki kuno imafuna kukwera pachulu. Ndawerenga zonse. Zabwino zonse mwana wathu, koma ine ndinene mosabisa. Zimenezi si zomwe zija a Mwanawasa anakana mu 2002? Chaka cha njala chija anabweza chimanga cha GMO, ife tinawaombera m'manja. Lero mwana wathu yemwe akukaphunzira zosintha mbewu?

Tamanda: Ayi atate, kuwerenga ndi kusintha ndi ntchito ziwiri. GMO ndi kutenga jini kwina n'kukaliika mu mbewu. Zimenezo kuno zili ndi lamulo lake la 2007, munthu sangangodzuka n'kuyamba. Genomics ndi kuwerenga zimene zili kale mu mbewuyo. Inu mukamasankha ngala zazikulu zoti musunge mbewu mumadikira mpaka kukolola kuti muone. Wobereketsa mbewu wa lero amabudula kansonga ka tsamba mmera uli waung'ono, amawerenga DNA, n'kudziwiratu kuti uwu watengera kupirira matenda, uwu ayi. Zaka zoyembekezera zimachepa. Chimanga cha olenji chija cha vitamini A chimene chinatulutsidwa kuno mu 2012 si GMO, anachipeza pokwatitsa mitundu ya chimanga, ndipo majini amene amachulukitsa vitaminiyo akudziwika. Ku Mount Makulu ku Chilanga kuja ndi kumene kuli likulu la ofufuza za mbewu, si kutali ndi ife.

A Yobu a ku Chongwe: Hmm. Cha olenjicho ndinalimapo, ana amakonda chootcha koma nsima yake amayi akunyumba anaikana, amati ikuwakumbutsa chimanga chachikasu cha nthawi ya njala. Ndiye chimanganso chili ndi genome yake?

Tamanda: Chamoyo chilichonse. Ya chimanga anaiwerenga mu 2009, zilembo zoposa 2 biliyoni, ndipo majini ake ndi oposa 30,000. Chimaposa munthu.

Kondwa: Ndiye kuti chimanga cha a Yobu chili ndi majini ambiri kuposa a Yobu eni ake

A Yobu a ku Chongwe: Iwe mwana, ukadzabwera kudzapempha mondokwa udzandipeza.

Amalume Phiri: Tamanda, ine mphunzitsi ndimafuna mitu. Phunziro lakoli lili ndi nthambi zingati?

Tamanda: Mabuku amagawa mosiyanasiyana amalume, koma zikuluzikulu ndi izi. Structural genomics imafufuza kamangidwe, kuti jini lililonse lili pati ndiponso puloteni imene limapanga inapindika motani. Imeneyo masiku ano makompyuta aithamangitsa kwambiri, opanga pulogalamu ya AlphaFold analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2024. Functional genomics imafunsa kuti jini lililonse limachita chiyani ndipo limagwira ntchito liti. Taganizani, selo la m'diso ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA yofanana ndendende. Nanga bwanji diso silitulutsa ndulu? Zili ngati magetsi a mu Lusaka muno. Mawaya anafika konse, koma Chilenje ikayaka Matero ili mumdima. M'diso mwayaka majini ena, m'chiwindi ena. Ndiye pali epigenomics, imene imafufuza maswitchi akewo, timankhwala timene timamatirira pa DNA n'kuzimitsa jini popanda kusintha chilembo ngakhale chimodzi.

Amake Dalitso: Fanizo la malaiti ndalimva bwino, pano ndikulemba ndi kandulo.

Tamanda: Kkkk pepani. Ya maswitchiyi imakhudza za kudya. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa kumapeto kwa nkhondo, 1944 mpaka 1945. Ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo atawayeza patapita zaka pafupifupi 60 anapeza kuti maswitchi a majini ena anali osiyana ndi a abale awo obadwa nthawi ya chakudya, ndipo matenda a shuga ndi a mtima ankawapeza kwambiri.

Abusa Banda: Zikufanana ndi zimene timawerenga, kuti za makolo zimagwera ana.

Tamanda: Pang'ono abusa, koma ndisapitirire pamene umboni walekezera. Chooneka bwino ndi chakuti zimene mayi woyembekezera akudya zimasiya chizindikiro mwa mwana amene ali m'mimbamo. Zoti zimafika kwa zidzukulu ndi zidzukulutudzi mwa anthu, akatswiri akukanganabe. Ndimaopa kuti wina angatenge mawuwa n'kukawasandutsa ndodo ina yomenyera amayi.

Nesi Nangozo: Ine nthambi imene ndimaiona ndi maso ndi ya mankhwala. Tamanda undikonze ndikalakwa. Nthawi imene ambiri ankamwa efavirenz, mankhwala a HIV aja, ena ankabwera akudandaula chizungulire ndi maloto oopsa, ena mpaka kusiya mankhwala poganiza kuti awalodza. Mnzawo womwa piritsi lomwelo ali bwinobwino.

Tamanda: Simunalakwe anesi, imeneyo ndi pharmacogenomics. M'chiwindi muli puloteni yophwanya efavirenz, jini lake ndi CYP2B6. Mtundu wina wa jinili umagwira ntchito pang'onopang'ono, mankhwala amaunjikana m'magazi, ndipo mtundu umenewo umapezeka kwambiri mwa anthu a kuno kuposa azungu. Mlingo umene unali wabwino kwa ena unali wochuluka kwa ena. Pano ambiri anasamukira ku dolutegravir, koma phunziro lake ndi lomwelo pa mankhwala enanso.

Nesi Nangozo: Ndipo makina a GeneXpert amene timayezera makhololo a TB nawonso amawerenga DNA ya kachilomboko. Pa maola awiri amatiuza ngati TB ilipo komanso ngati ikukana mankhwala ake a rifampicin. Kale tinkadikira masabata kuti kamere mulabu, wodwala akutsokomolera ana kunyumba.

Kondwa: Manje asisi, zija za Covid ankati Delta, Omicron, ankadziwa bwanji? Ine ndinkaona ngati akungopeka maina kuti tizivala mamasiki.

Tamanda: Sankapeka. Kachilombo ka Covid kali ndi zilembo pafupifupi 30,000, ndipo kakamachulukana kamalakwitsa pokopera, monga mwana wokopera notsi za mnzake. Ukawerenga tizilombo ta odwala ambiri umaona kuti awa akopera kwa uyu. Mu December 2020 odwala atachuluka mwadzidzidzi muno, anali asayansi a pa UNZA ndi anzawo amene anawerenga n'kupeza kuti mtundu wa Beta walowa m'dziko. Omicron anaitulukira a ku Botswana ndi South Africa mu November 2021, analengeza msanga, malipiro ake mayiko olemera anatseka ndege za kuchigawo chathu chino. Mu 2022 mwana atapezeka ndi poliyo ku Lilongwe, kuwerenga komweku ndiko kunaonetsa kuti kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Koma nkhani imene inandikopa ine kuti ndilowe ntchitoyi ndi ya Lujo. Alipo akuidziwa?

Amalume Phiri: Ayi, tauza.

Tamanda: Mu September 2008 mayi wina anadwala muno mu Lusaka, anamutengera pandege ku Johannesburg. Anamwalira, ndipo amene anamusamalira anayamba kudwala mmodzimmodzi. Onse odwala anali asanu, anayi anamwalira. Anayeza matenda odziwika otaya magazi, osapeza kanthu. Ndiye anatenga magazi ndi tizidutswa ta chiwindi n'kuwerenga chilichonse chimene chinali mmenemo, kompyuta n'kuchotsa zonse za munthu, zotsalazo n'kuzilumikiza. Munatuluka kachilombo kamene dziko linali lisanakaonepo. Dzina anatenga Lu wa Lusaka ndi Jo wa Johannesburg. Kawerengedwe kotere, kosasankha, kongokokolola zonse ngati khoka, ndiye metagenomics. Ungatunge madzi a mu ngalande, dothi la m'munda mwa a Yobu, kapena za m'matumbo mwa munthu, n'kudziwa tizilombo tonse tili mmenemo, ngakhale timene sitimera mulabu. Imeneyi ndiyo nthambi yanga. Ndikufuna za madzi ndi kolera.

Amake Dalitso: Ubwere ku Kanyama, madzi a mvula tikusungira. Ife amene tinaona abale atagonekedwa ku Heroes Stadium mu January 2024 sitifuna kubwereza.

A Yobu a ku Chongwe: Nanga chloroquine anapita kuti? Ife tinakulira ameneyo, kuwawa ndi kuyabwa koma unkachira.

Tamanda: Kachilombo ka malungo kanasintha jini lina n'kuyamba kumulavula. Malawi anamusiya mu 1993, Zambia inasamukira ku Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chosangalatsa n'chakuti ku Blantyre atafufuza patapita zaka zoposa 10 anapeza kuti tizilombo tokana tija tatha, chifukwa popanda mankhwalawo tinkagonja kwa tinzake. Pano maso ali pa jini lina lotchedwa kelch13, chifukwa ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka tizilombo tochedwa kufa ndi mankhwala atsopanowa.

Nesi Nangozo: A Yobu musakagule chloroquine pamsika chifukwa cha nkhaniyi chonde.

Kondwa: Asisi ndinamva kuti munthu ndi nyani DNA ndi imodzi. Ndikufuna ndikauze anzanga achiBemba ku siteshoni kuti akudya abale awo.

Tamanda: Samalani achimwene, chimbuya chimenecho chikubwererani. Imeneyo ndi comparative genomics, kuyerekeza zamoyo. Ndi chimpanzi, ngati aja amasungidwa ku Chimfunshi kufupi ndi Chingola, timafanana zilembo pafupifupi 99 pa 100 m'malo amene amayerekezeka. Koma genome ya mbewa itawerengedwa mu 2002 anapeza kuti pafupifupi jini lililonse la munthu lili ndi mnzake mu mbewa. N'chifukwa chake mankhwala amayamba kuyesedwa pa mbewa.

Kondwa: Basi ndasiya, nkhaniyi isatuluke pagulu lino

A Yobu a ku Chongwe: Wachibale kapena ayi, ine kapuku wowamba sindimusiya.

Amalume Phiri: Ine funso langa ndi la mbiri. Akuluakulu amati Achewa tinachokera ku Uluba, m'dziko la Congo. DNA ingatsimikize zimenezo? Ndipo ingandiuze kuti uyu ndi Phiri, uyu ndi Banda?

Tamanda: Za Phiri ndi Banda ayi amalume, anthu akhala akukwatirana zaka mazanamazana, mfunda sulembedwa mu DNA. Anthu awiri alionse padziko amafanana zilembo pafupifupi 999 pa 1,000. Koma maulendo akuluakulu a makolo amaoneka. Mu 2020 gulu la ofufuza la H3Africa linawerenga anthu 426 a mitundu 50 ya mu Africa. Anapeza kusiyana kwa zilembo koposa 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo, ndipo anaona kuti dera la Zambia liyenera kuti linali pokhotera anthu a zilankhulo za Bantu popita kum'mawa ndi kum'mwera. Sizikutchula Uluba, koma sizikutsutsana ndi za akuluakulu. Ofufuza ena anawerenganso DNA ya mafupa akale a ku phanga la Kalemba ku Chadiza ndi ku phiri la Hora ku Mzimba, a anthu osaka nyama amene analipo alimi asanafike.

Amalume Phiri: Akafula amenewo! Agogo anga ankatisimbira.

Tamanda: Ndipo china chimene chikusangalatseni inu eni mbumba. Muli kaDNA kena kakang'ono m'maselo, ka mu mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu, kamene munthu amalandira kwa mayi yekha. Inu ndi ine tili nako kofanana, kochokera kwa agogo ku Katete, koma ana anu alibe, ali ndi ka amayi awo. Angoni nawo ali ndi yawo, kromozomu Y imayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna.

Amalume Phiri: Ndiye makolo athu poti mwana wa mlongo wako ndiye wako weniweni anali atawerenga kale!

Abusa Banda: Ine ndibwerere pa za magazi, nthabwala pambali. Anthu mumpingo amandifunsa. Ofufuza amabwera m'makomboni, amatenga magazi, amapereka ya transipoti, n'kupita. Magaziwo amathera kuti? Ena amakana poopa za usatana, ine ndimawatsutsa, koma pansi pamtima yankho ndilibe.

Tamanda: Abusa funso limenelo ndi loyenera ndipo sindiseka amene amaopa. Zolakwika zinachitikadi. Ku America mu 1951 anatenga maselo a mayi wakuda wodwala khansa, Henrietta Lacks, osamupempha. Maselowo akugwiritsidwabe ntchito m'malabu dziko lonse, banja lake linadzadziwa patapita zaka zoposa 20. Anthu a mtundu wa San ku South Africa anatopa ndi ofufuza mpaka mu 2017 analemba malamulo awoawo oti wofuna kuwafufuza azitsata. Kuno lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la 2013 limati magazi kapena chilichonse cha m'thupi sichituluka m'dziko popanda chilolezo cha boma. Wobwera kudzatenga magazi mufunseni kuti mukuyeza chiyani, mukasunga kuti, mpaka liti, ndipo zotsatira mudzatiuza? Muli ndi ufulu wokana, ndipo kukanako sikukuchotserani chithandizo kuchipatala. DNA si ya inu nokha, ikawerengedwa yanu ndiye kuti yawerengedwako ya ana anu ndi abale anu. Koma mbali inayo ndi iyi. Kafukufuku wambiri wa majini ndi matenda wachitika pa anthu ochokera ku Ulaya, pamene kusiyanasiyana kwakukulu kwa DNA ya anthu kuli kuno ku Africa, kumene anthu onse anachokera. Tikakana tonse, mankhwala azipimidwabe pa matupi a ena, ngati za efavirenz zija. Ine ndikufuna magaziwo aziwerengedwa konkuno, ndi anthu oti mungawapeze kutchalitchi n'kuwafunsa.

Abusa Banda: Mafunso anayiwo ndawalemba. Ukamabwera kutchuthi udzayankhule ndi amayi a chigwirizano.

Amake Dalitso: Tamanda, zija unalemba za kope la mayi ndi kope la bambo, unditumizire pandekha ngati voisi, mwaulemu bwino, osatchula munthu. Ndikufuna ndiwatumizire bambo ake a Dalitso, iwo ndiwo akamvetsere ndi amayi awo. Ine pakamwa panga zikatuluka ngati mwano.

Tamanda: Ndijambula usiku uno azakhali. Ndinenamonso kuti achemwali ake a Dalitso akayezedwe.

Amalume Phiri: Chabwino. Ine kwa agogo ndikanena kuti mdzukulu wanu akukaphunzira kuwerenga zolembedwa m'magazi, m'mbewu ndi m'madzi, kuti adziwe kumene matenda achokera ndi mankhwala amene angawagwire. Ndaphonya?

Tamanda: Simunaphonye amalume. Koma ndikuwadziwa, akakufunsani ngati ndikabwereko ndi mwamuna.

Amalume Phiri: Limenelo ukayankha wekha pafoni. Kondwa, Loweruka 4 koloko m'mawa undipeze pageti, ndili ndi thumba la shuga ndi zitenje za agogo, sindingayende nazo pansi mpaka pamsewu.

Kondwa: Ndamva amalume. Pobwera musaiwale mbewa.